Madzi Amene Ndinamumezera Jobe

Jobe ndi mwana wa malemu mchimwene wanga, ndiye ine ndine ankhazi ake. Kwathu kuno ku Kande ankhazi si munthu woseweretsa ayi. Mwana akafuna ulendo wautali, kaya ku Joni kaya kwina, sanyamuka asanagwade pamaso pa ankhazi ndi kapu ya madzi. Ankhazi amamwa, osameza, n'kumupemerera kumapazi, n'kunena kuti, "Mtima wanga wayera, pita." Akapanda kutero, ulendo umenewo umathera kundende kapena m'bokosi. Abusa amadziwa, amangoyang'ana kumbali. Inenso ndine wa Umanyano, gulu la amayi a mpingo, bulauzi yoyera ndili nayo, koma madzi ndimapemera.

Amayi ake atakwatiwanso ku Mpamba, Jobe anatsala ndi ine. Anakula n'kufika zaka makumi awiri ndi zitatu ali pakhomo panga. Chinangwa amakumba ndi iyeyo, kusenza kupita nacho kudziwe kokaviika ndi iyeyo, denga likadontha amakwera ndi iyeyo. Ine ntchito yanga inali kusenda ndi kulalata. M'mawa amapalasa njinga kupita ku koleji ya ntchito zamanja kufupi ndi Chintheche, kumene amaphunzira ukalipentala. Koma mtima wake sunali pa matabwa. Unali pa mpira. Zaka zitatu anali m'timu ya kolejiyo, jezi yake nambala fotini.

Jezi imeneyo ndimachapa ndine, ndipo ndinene zoona, sinandivutitsepo. Ndimangoiviika n'kuyanika. Sopo amathera pa kabudula, kumatako, chifukwa benchi yawo ndi yafumbi.

Kochi wa timuyo, a Lameck, ndi mphunzitsi wa zomangamanga, kwawo ku Dedza. Amakhala m'nyumba yanga yakuseri. Munthu wake wamfupi, wa kabuku m'thumba nthawi zonse. Kondowole anamulephera, akuti amamatirira pakhosi ngati phula, koma nsomba ya batala amadya mpaka kunyambita minga. Akaweruka amabwera pansi pa mango pamene ndimasendera chinangwa, n'kutsegula kabuku kake, n'kuyamba kundiphunzitsa mpira ine munthu wolekera Sitandade thuu.

"Onani kuno mayi," anatero tsiku lina. "Nambala seveni ndi malo amodzi, a munthu wothamanga m'mbali mwa bwalo. Koma ine ndili ndi anthu atatu. Woyamba Watipaso. Ameneyo ndi njinga yamoto. Golo iyi kukafika golo inayo, masekondi khumi ndi atatu, ndinayeza ndekha pa foni. Koma likangokwana ola mafuta amatha, amayenda manja ali m'chiuno ngati mayi wodwala pakati."

"Wachiwiri?"

"Dickson. Liwiro alibe, amathamanga ngati wasenza thumba la simenti. Koma mukamugunda mugwa ndinu. Mpira ukafika paphazi pake ngati waukhomera ndi msomali."

"Nanga wangayu?"

Anatembenuza tsamba, n'kutembenuzanso lina. "Jobe ndi wapakatikati. Liwiro amaposa Dickson, mphamvu amaposa Watipaso. Sajomba, sadandaula, savulala."

"Avulala bwanji munthu wokhala pabenchi? Mwina thabwa limulase."

Anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinati, "Ada, kabuku kanuko n'kotaya nthawi, mukanangondifunsa ine. Watipaso ndi usipa wauwisi, m'mawa kukoma, masana wayamba kununkha. Dickson ndi kampango, mutu waukulu, kufa mochedwa. Wangayu ndi usipa wouma. Mwamusunga m'thumba kuti mudzadye tsiku la mwera, mabwato akadzalephera kulowa m'madzi. Koma mwera wanuwo zaka zitatu sunawombe."

A Lameck anayang'ana uku ndi uku, n'kusendeza mpando. "Mayi, ndikuuzeni chinsinsi, koma chithere pano. Jobe amasewera. Amasewera kwambiri, kungoti iye sadziwa. Watipaso akayamba kugwira m'chiuno, ine ndimati, Jobe, dzuka, katenthetse thupi! Jobe amayamba kuthamanga m'mbali mwa bwalomo, uku ndi uku, kudumphadumpha. Watipaso akangomuona, mafuta amabwerera okha. Amaopa kulandidwa malo. Dickson samuopa, amadziwa kuti ndi ng'ombe. Amaopa Jobe. Jobe ndi chikwapu changa. Nanga chikwapu mumachimangirira pangolo kuti chikoke?"

Ndinaseka mpaka mpeni unagwa m'manja. Ndinaganiza za mwana wa mchimwene wanga, mmene amabwerera Loweruka lililonse thukuta lili kamukamu, akundiuza kuti, "Ankhazi, lero ndinatsala pang'ono kulowa." Ndinasekanso.

Kenako kunabwera foni ya Jimmy. Jimmy ndi mlongo wanga wamng'ono, bambo wamng'ono wa Jobe. Anapita ku Joni akunena kuti akakhala zaka ziwiri, pano zakwana khumi ndi zisanu ndi zinayi, mano akutsogolo anaika agolide. Anati mnzake wina wosamala maluwa panyumba ya mzungu akubwerera kumudzi, malo atseguka, koma mzunguyo adikira sabata imodzi yokha. Pasipoti Jobe anali nayo kale, amaisunga m'pepala la shuga. Thiransipota wa Jimmy, wa galimoto yonyamula anthu opita ku Joni, anali woti anyamuka ku Mzuzu Loweruka, adutsa pa Chintheche cha m'ma folo masana, angoima n'kumutenga.

Loweruka lomwelo ndilo linali la fainolo ya chikho cha makoleji, pabwalo la koleji yawo, m'mbali mwenimweni mwa msewu wa tala. Ndipo kunamveka kuti kubwera anthu awiri a timu ina yaikulu ya ku Mzuzu kudzasankha osewera.

Jobe sanavutike kusankha. Anauza a Kochi Lachiwiri kuti akupita. Madzulo dzuwa likadalipo, a Lameck anafika pansi pa mango atanyamula ndowa yodzaza mbatata ya kachewere, akuti akazi awo atumiza kuchokera ku Dedza.

"Timuwoneni, ama," anatero. Akayamba kulankhula Chitonga munthu ameneyu, dziwani kuti pali chimene akufuna.

"Yewo, ada. Kachewere ameneyu akufuna chiyani?"

"Ndamva kuti kuno mwana sakwera galimoto popanda madzi anu."

"Mwamva bwino."

"Mayi, fainolo ndi Loweruka. Anyamata a ku Karonga aja ndi ziphona. Jobe akachoka, Watipaso ndimuthamangitsa ndi chiyani? Ndikufuna masiku anayi okha. Ndakusungiraninso mpando mutenti, pamodzi ndi alendo olemekezeka."

"Mumulowetsa?"

"Mpira umadunda, mayi."

"Sindinafunse za kudunda. Mumulowetsa?"

Anayang'ana m'mwamba mumango ngati muli yankho. Ine ndinamva. Musadzanene kuti gogo uja anapusitsidwa, ayi, ndinadziwa bwinobwino. Ndinayang'ana kachewere. Ndinaganiza za tenti, ine NyaMhone nditakhala pampando wapulasitiki, akazi anzanga a Umanyano ali chiimire padzuwa. Ndinaganiza za munda wanga wa chinangwa umene unali usanakumbidwe theka lonse. Ndinaganizanso za Jimmy ndi zaka zake ziwiri zija. Chimene chinalemera kwambiri pa zinayizi musandifunse. Ndinangoti, "Lowetsani ndowayo m'nyumba, nkhuku zingajomphe."

Lachinayi m'mawa Jobe anabwera atasamba, atavala malaya a kutchalitchi, kapu ya madzi ili m'manja. Anagwada pakhonde.

"Ankhazi, ndabwera kudzatsanzika."

Ndinalandira kapu ija n'kuiika pansi. Ndinapukusa mutu, n'kuusa moyo kawiri, kachiwiriko mokweza.

"Mwana wanga, ndalota bambo ako."

Nkhope yake inagwa. "Ati bwanji?"

"Anaima pamlatho wa Dwambazi, atatambasula manja chonchi. Kukhwapa atapanira mpira. Akuti, mwana wanga asawoloke mtsinje uno asanamwetse chigoli pamaso pa anthu."

"Mpira? Ankhazi, ada ankadana ndi mpira. Anandikwapula ndi chingwe cha ukonde nditaphonya kukoka chilimira chifukwa cha mpira."

"Kumanda anthu amasintha, iwe. Kuli nthawi yambiri yoganiza."

"Nanga Jimmy? Malo aja ndi a sabata imodzi."

"Malo a maluwa? Iwe ukufuna ukathirire maluwa a mzungu pamene anthu a ku Mzuzu akubwera ndi galimoto kudzaona miyendo yako? A Kochi andiuza ndi pakamwa pawo kuti Loweruka iwe ndiwe chida chawo chachikulu." Pamenepo sindinaname, anati chikwapu.

Maso ake anawala, mwana wopusa. "Atero a Kochi?"

"Ndikunamize ine, ankhazi ako?"

Anakhala chigwadire nthawi yaitali. Kenako anatola kapu ija, madzi anakathira pa mtengo wa papaya. Tsiku limenelo anakumba mizere isanu ndi umodzi ya chinangwa akuimba.

Jimmy anaimba foni kanayi. Kachinayi ndinayankha. "Achemwali, mwapenga? Mukumuphera mwana tsogolo chifukwa cha maloto?" Ndinati netiweki ikuvuta, ndinayamba kukuwa halo, halo, foni nditaitalikitsa. Jimmy anauza Jobe kuti thiransipota aimabe pabwalopo n'kuliza hutala katatu, akasintha maganizo angothamanga n'kukwera.

Loweruka kunadzaza. Anthu anachokera ku Sanga, ku Kande, ena ku Limphasa pa njinga zawo zonyamulira mpunga. Ine ndinavala chitenje chatsopano ndi duku lake, ndinakhala mutenti pakati pa a hedi a koleji ndi anthu awiri a ku Mzuzu aja, ovala magalasi akuda ngati akhungu. Aliyense wa mutenti anapatsidwa botolo la madzi ogula. Langa ndinaliika pamiyendo kuti a Umanyano alione.

Mpira usanayambe Jobe anabwera ndi kachikwama kake. "Ankhazi, ndisungireni, muli pasipoti." Ndinakaika pampando n'kukhalira. Jezi yake inali yoyera mbee, ndinali nditaisita ndi makala a mtengo wa mango.

Anayamba Watipaso, monga mwa masiku onse. Chigawo choyamba mwana uja anauluka. Wakumbuyo wa ku Karonga, chimunthu chachitali ngati mlongoti, amangogwira mphepo. Koma chigoli sichinalowe. Atabwerako kopuma, sipanapite nthawi, ndinaona manja a Watipaso akukwera m'chiuno. Usipa wayamba kununkha.

"Jobe!" anakuwa a Lameck. "Dzuka, katenthetse thupi!"

Jobe anadzambatuka ngati walumidwa ndi linthumbu. Anayamba kuthamanga m'mbali mwa mzere, kukweza maondo, kupukusa manja, kugwira zala zakumapazi. Anyamata a ku Kande anayamba kuimba, "Jobe alowe! Jobe alowe!" Watipaso anacheuka kamodzi kokha. Abale inu, ndinaona ndi maso angawa munthu wakufa akudzuka. Analanda mpira pakati pabwalo, anadoda awiri, anathamanga mpaka pakona n'kuuponya m'kati, wina anangougunda ndi mutu. Chigoli! Fumbi linakwera, azimayi analowa m'bwalo ndi nthungululu. Jobe anadumpha kuposa onse, anakumbatira a Kochi. Mmodzi wa a magalasi anandifunsa, "Mayi, nambala seveniyo dzina lake ndani?"

"Watipaso," ndinatero. "Koma amene wagoletsa ndi uyo ali kunjayo."

Anandiyang'ana ngati ndaledzera.

Jobe sanauzidwe kuti akhale pansi, ndiye anapitiriza kuthamanga. Uku ndi uku, uku ndi uku, mpaka anapanga kanjira muudzu. Kutatsala mphindi khumi ndi zisanu, Watipaso anagwa yekha, mwendo utakokana, akulira ngati mbuzi. Anamunyamula. Jobe anaima pafupi ndi a Kochi, chifuwa chikukwera ndi kutsika. A Lameck anatsegula kabuku kawo, anayang'anamo, anatseka.

"Dickson, lowa. Ukagwire mpira, usautaye. Jobe, pitiriza, usazizire."

Anyamata oimba aja anasintha nyimbo. Anayamba kuwerenga maulendo ake. "Twente-wanu! Twente-thuu!" Wina anakuwa, "Jobe, ukanakhala wolunjika bwenzi utafika ku Nkhata Bay!" Anthu anaseka. Inenso ndinaseka, nanga zinali zoseketsa.

Nthawi yomweyo hutala inalira kumsewu. Piii! Piii! Piii! Minibasi yoyera yokoka ngolo, katundu atamangidwa ndi lona wabuluu, inaima kuseri kwa golo, pamtunda woti mwana angaponye mwala n'kufika. Dalaivala anatulutsa mutu pawindo.

Jobe anaima. Anayang'ana galimoto. Anayang'ana bwalo, mmene Dickson anali atapanira mpira pakona ngati nkhuku yofungatira mazira. Anayang'ana a Kochi, amene maso awo anali pa wotchi. Ndikuganiza kuti pamenepo m'pamene anamvetsa zonse za zaka zitatu zija, chifukwa mapewa ake anatsika. Kenako anatembenukira kutenti, anayamba kuyenda kubwera kwa ine.

Anaima patsogolo panga, thukuta likudontha pachibwano. Anangoyang'ana botolo lili pamiyendo panga, kenako anagwada bondo limodzi, pamaso pa a hedi, pamaso pa a magalasi. Chikwama chake ndinali nditachikhalira. Madzi anali m'manja mwanga. Zonse zimene amafuna padziko lapansi zinali pa ine, zina pamwamba zina pansi.

"Ankhazi," anatero motsitsa. "Chonde."

Ndinatsegula botolo. Ndinamwa, madzi anadzaza m'masaya. Iye anasendeza mapazi ake kutsogolo, nsapato zampira zobwereka, zazikulu ndi chala chimodzi. Hutala inaliranso.

Ndinameza.

Anali ozizira bwino, madzi ogula. Ndinapukuta pakamwa n'kukuwa, "A Kochi! Nkhuku yanu ikutuluka m'khola!"

A Lameck anacheuka, anaona Jobe ali chogwada, anaona minibasi. Munthu uja ndi wochenjera, chaka chamawa analinso nacho m'mutu. "Jobe! Bwera msanga, ukulowa! Thamanga!"

Mukanakhala inu mukanatani? Zaka zitatu akudikira mawu amenewo. Anadzuka, anathamangira kumzere, anaima pafupi ndi wa mbendera, akukonza masokosi, akudziwomba m'ntchafu. Anthu anayambiranso, "Jobe alowe!" Minibasi inadikira pang'ono, kenako inalira n'kunyamuka, ngolo ikugwedera pambuyo, kulowera ku Dwambazi. Jobe sanacheuke. Amadikira kuti mpira utuluke kunja kuti woyimbira amulole kulowa.

Koma paja ndanena kuti mpira ukafika paphazi pa Dickson umakhala ngati wakhomeredwa. Kampango uja anaugwira pakona paja, atatu akumukankha, iye ali nji. Sunatuluke. Ndipo a Kochi, ndinawaona ndithu, sanakweze dzanja n'kamodzi komwe kuitana woyimbira. Wenzulo inalira katatu. Mpira watha.

Anthu anakhamukira m'bwalo, anamudutsa Jobe mbali zonse ngati madzi podutsa chitsa. Phazi lake limodzi linali m'mwamba, lisanaponde mzere. Anthu aja ananyamula Watipaso ndi mwendo wake wokokana, ananyamula Dickson anthu asanu ndi mmodzi, ananyamula a Kochi. A magalasi analemba nambala ya foni ya Watipaso. Pojambula chithunzi, Jobe anauzidwa kuti agwire chikwangwani cha dzina la koleji, chinamubisa nkhope.

Pobwerera anandikweza panjinga monga mwa masiku onse. Njira yonse ndimayesa kumuseketsa. "Usadandaule, wathamanga kuposa onse. Akanakhala amapereka chikho cha kunja kwa mzere, bwenzi chili chako." Anangopalasa. Pafupi ndi kunyumba anafunsa osacheuka, "Ankhazi, ada munawalotadi?"

"Ndinalota munthu. Nkhope sindinaione bwino, kunali nkhungu."

Anapitiriza kupalasa mpaka pakhomo.

Lachitatu Jimmy anaimba kunena kuti malo a maluwa atenga mnyamata wa ku Mzimba, ndipo ananditchula mayina amene sindingalembe ine wa Umanyano. Watipaso anapita ku Mzuzu kukayesedwa. Ndinati kwa a Lameck, "Basitu, wangayu wakwera, tsopano ndi wachiwiri." Anatsegula kabuku. Anati kwabwera mwana wa chaka choyamba wochokera ku Sanga, masekondi khumi ndi awiri, koma ndi waulesi pang'ono, afunika womuopseza.

Jobe anamva, anali kuseri akupala mpini. Sabata imeneyo anakumba chinangwa chonse chotsala, anasenza, anaviika, anakwera padenga n'kusintha udzu wonse wa mbali ya kunyanja. Amandipatsa moni, amadya, koma maso ake samafika pa ine. Lolemba lotsatira ndinapita kumaliro ku Sanga. Pobwera masana ndinapeza chitseko chake chili pululu, mphasa yapindidwa, pepala la shuga palibe. Pakhonde panga panali jezi nambala fotini, yopindidwa bwino, pamwamba pake atakhazika kapu. Kapuyo inali youma, yovundikira.

Ena akuti anamuona pa lole ya makala yolowera kummwera. Ena akuti ali ku Usisya, akukoka chilimira. Ndinatunga madzi, ndinapita kumsewu, ndinamwa osameza. Ndinayang'ana kumpoto, ndinayang'ana kummwera, osadziwa kopemerera. Anyamata a kabaza anayamba kundiyang'ana masaya ali tutumu ngati chule, ndiye ndinangolavulira galu wa a Mphande oyandikana nane amene amadutsa. Galuyo mpaka lero akuyenda bwino.

Kachewere uja anatha m'masiku asanu ndi atatu, wina anawola. Chinangwa chimene Jobe anaviika chinafewa, panalibe wokavuula. Ndinavala jezi ija pamwamba pa chitenje, chifukwa bulauzi zanga sindingaziike m'madzi onunkha aja, n'kulowa m'dziwe mpaka m'chiuno. A Lameck anandipeza momwemo.

"Mayi, jeziyo ndi ya koleji. Ndikufuna ndimupatse wina, benchi ilibe fotini."

Ndinadziyang'ana. Matope anali atafika pakhosi, makoko a chinangwa atamatirira pa nambala, kukhwapa kutang'ambika kale.

"Dikirani kaye, ada," ndinatero. "Yangolowa kumene."